Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Chithunzi cha m'bokosi la agogo

M'gawo lapitali ndinalekezera pa maliro a agogo anga aamuna, amene tinawagoneka kumudzi kwathu kufupi ndi Nathenje. Pogawana katundu, amalume anatenga njinga, azakhali anatenga wailesi, ndipo ine anandipatsa bokosi lachitsulo limene aliyense ankaliona ngati lopanda ntchito. M'bokosimo munali mendulo ya Burma Star, lamba wachikopa wouma ngati khungwa, ndi chithunzi chimodzi cha asilikali asanu ataima mondondozana, manja ali kumbuyo.

Pabanja pathu tonse tinkakhulupirira kuti chithunzicho chinajambulidwa ku Burma. Agogo analidi msilikali wa King's African Rifles, gulu limene akuluakulu ankalitchula kuti Keyala, ndipo anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse m'chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944, pamene asilikali a 11th East Africa Division ankathamangitsa Ajapani kulowera ku mtsinje wa Chindwin. Nkhondoyo sankakonda kuikamba, koma mvula ya kumeneko, matope ndi misundu ankazitchula kawirikawiri, makamaka tikamadandaula kuti tanyowa pobwera kusukulu.

Chithunzicho chinakhala pakhoma la nyumba yanga ku Area 25 zaka zambiri ndisanayambe kuchikayikira. Choyamba kundidodometsa chinali zovala. Anthu asanuwo anavala makabudula a khaki ndi zisoti zazitali zopanda mlomo, zokhala ndi mphonje pambali, zimene Keyala inkavala pa perete. Pa zithunzi za ku Burma zimene ndinaziona pa intaneti, asilikali akuda avala zipewa za mlomo waukulu ndi zovala zogwirizana ndi nkhalango. Ndinajambula chithunzicho ndi foni n'kuchikulitsa pa kompyuta ya kuntchito, ndipo kumbuyo kwa msilikali wa kumapeto, pamene kale ndinkayesa kuti pepala linangothimbirira, panaoneka phiri lamwala lokhala ndi mng'alu wopingasa ngati kamwa. Munthu wokulira kwathu sangalisokoneze phiri limenelo. Linali Ngala ya Pakamwa.

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi kudepoti ya m'tauni n'kukatsikira kutsogolo kwa Nathenje, pamsewu wa M1 wopita ku Dedza. Kuona phiri sikunavute. Chovuta chinali kupeza malo enieni pamene wojambulayo anaima. Ndinayenda m'minda ya anthu pafupifupi maola anayi nditanyamula pepalalo kumaso, chifukwa ukasuntha pang'ono kamwa la phirilo limafupika kapena kubisika. Amayi ena amene ankakolola chimanga anandifunsa ngati ndinali wopima malo, ndipo nkhope zawo zinamasuka pokhapokha nditawaonetsa asilikaliwo. Mtengo waukulu wa kachere umene uli kumanzere kwa chithunzi kulibenso, pakuti nkhalango yonseyo inasanduka minda ya chimanga ndi fodya. Koma pamene mzere wa phiri unagwirizana ndendende ndi wa papepala, ndinapeza kuti ndaima pabwalo la mpira la sukulu ina ya pulayimale, ndipo mkulu wina wa m'mudzimo anandiuza kuti kale pamenepo panali bwalo la milandu la mfumu. Kuyambira tsiku limenelo ndimaganiza kuti asilikaliwo anajambulidwa atabwera kudzakopa anyamata anzawo kuti akalembetse usilikali, asanawoloke nyanja.

Phiri silisuntha, koma anthu amene akanazindikira nkhope zija anali atatsala ochepa kwambiri. Agogo ndinawadziwa ndekha: ndi achiwiri kuchokera kumanzere, ndipo khutu lawo lamanja linali lopindika kuyambira ubwana. Za enawo ndinapita kwa mlongo wawo wotsiriza, amene ankakhala ndi mdzukulu wake ku Kawale ndipo maso awo anali atayamba kuchita khungu. Ndinagwada pambali pa mphasa yawo n'kukulitsa nkhope iliyonse pafoni.

"Agogo, awa apakatiwa mukuwadziwa?"

"Bweretsa pafupi, mwanawe. Ameneyu ndi mlamu, anakwatira msuweni wathu. Sukuona mphini pamasayapo?"

Mphinizo ine ndinkaziyesa zokalika za pepala. Wachinayi anamuzindikira chifukwa cha kaimidwe, poti anali wamatewe, ndipo anati atabwerako kunkhondo ndiye ankatsogolera mganda wa m'mudzimo, akulamula ovina ndi mawu a perete. Za woyamba agogowo anati anali mwana wa mfumu, amene sanabwerere, ndipo mayi ake anakana kumeta maliro mpaka imfa yawo chifukwa sanaone mtembo.

Dzina la mwana wa mfumuyo ndinakalifufuza pa chipilala chachikumbutso cha nkhondo chimene chili pafupi ndi Capital Hill, pamene pamachitikira mwambo wokumbukira asilikali mwezi wa November. Sindinalipeze. Izi sizinandidabwitse kwenikweni, chifukwa anyamata ambiri ankalembetsa usilikali ndi dzina lina, ndipo alembi achizungu ankalemba mayina monga mmene makutu awo amvera. Agogo anga enieniwo, dzina la pa mapepala awo a usilikali silinali limene tinkawadziwira kumudzi.

Wachisanu, wamtali uja amene phiri lili kumbuyo kwake, agogo a ku Kawale anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandibwezera foni n'kunena kuti si wa kwathu, mwina anali Myao wa ku Zomba amene anabwera ndi gululo. Agogo a ku Kawalewo anamwalira chaka chotsatira. Kuseri kwa chithunzicho ndinalemba ndi pensulo mayina anayi ndi midzi yawo, ndipo pamalo achisanu ndinangojambula kamzere.