Volante ya injini si chiwongolero

Thirakitala yathu yabwerera m'munda Lolemba lapitali, itakhala masabata atatu ili yoduka pakati m'chigafa cha fodya kwathu kuno kufupi ndi Ulónguè. Ndikulemba mtima usanatsike bwinobwino, chifukwa pa masabata atatuwo, awiri anatayika kaamba ka liwu limodzi.

Ndi Massey Ferguson 290 ya injini ya Perkins, yomwe tinagula yogwirapo kale ntchito, ine ndi alamu anga. Kilatchi inayamba kuterereka mu Okutobala. Ukatsitsa pulawo, injini ikubangula koma matayala akungokwawa, kenako fungo ngati la nsanza yopserera. M'mawa ukaliza, stata imangoti khwee osagwira, mpaka kawiri katatu. A mestre athu, amakaniko, atabwera anagwada pansi pa thirakitala, nakhudza kachiboo kali kunsi kwa chibokosi cha kilatchi, chala chinatuluka chili noninoni ndi oyilo wakuda. Anati, "Achimwene, iyi tiidula basi."

Za kudulako sindichulukitsa. Amakhoma timitengo pa ekiselo yakutsogolo kuti injini isapendekeke, amatchinjiriza ndi majeki, amamasula mabawuti, n'kukankha injini kuti isiyane ndi giyabokosi. Vuto linayamba zitsulo zitayalidwa pa thumba. A mestre anaphunzira ntchito m'Chipwitikizi. Mphwanga amene anagwirapo m'galaja ku Lilongwe amazitchula m'Chingerezi. Ine ndimangodziwa kuti mbale ya kilatchi. Anthu atatu, chitsulo chimodzi, mayina atatu.

A mestre analoza chigudumu chachikulu cholemera chomwe chimamangidwa kumbuyo kwa injini, nati, "Volante yatha iyi, mano aperepeseka, nkhope yapsa." Ndinalemba pa kapepala: volante, disco, rolamento. Kutacha ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, ulendo wa makilomita opitirira 200, kudzera pa mphambano ya Mussacama, Moatize, kuoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel mpaka mu mzinda wa Tete. Amene munafikako mu Okutobala mukudziwa mmene dzuwa la kumeneko limaotchera munthu wochokera kozizira ku Angónia.

Mu shopu ina ya zitsulo ndinaonetsa kapepala kanga. Mnyamata wa pakauntala sanandifunse funso ngakhale limodzi. Anangoti volante ya Massey palibe, tiitanitsa ku Beira, mulipiriretu theka. Ndinalipira. Anati ndibwere pakatha sabata. Ndinabwerera kumudzi, sabata inatha, ndinaimba foni, akuti dikirani. Inathanso ina. Tsiku lomwe anandiitana ndinalawira nkhuku zisanatsike, ndi mphwanga woti andithandize kunyamula, poti chitsulo chija munthu mmodzi sanyamula bwino. Titafika, mnyamata uja anatulutsa katoni yopepuka ndi dzanja limodzi. Kutsegula, chiwongolero! Chakuda, chatsopano, chili m'pulasitiki.

Ndinachita kakasi. Pa Chipwitikizi volante ndi chiwongolero, volante ndi chigudumu cha injini chijanso. Kuti akumve uyenera kunena kuti volante do motor. Chabwino, ine sindinkadziwa. Koma munthu wogulitsa zitsulo tsiku ndi tsiku, akuona pa kapepala pomwepo palembedwa disco ndi rolamento, angaganize bwanji kuti mlimi wayenda mtunda wonsewo kufuna chiwongolero? Ndinawapempha abwana ake mwaulemu, ndinati, "Bambo, taonani kapepalaka, zonsezi ndi za embraiagem, za kilatchi." Iwo anati zomwe ndinaitanitsa ndi zomwe zabwera, ndalama sabweza. Tinakangana mpaka nthawi ya nkhomaliro, anatseka chitseko, ife tili pakhonde thukuta lili kamukamu. Madzulo anavomera kuchotsera theka lokha la ndalama ija pa zitsulo zina. Theka linalo linapita, kuphatikiza ya chapa ya anthu awiri ndi malo ogona. Mpaka lero ndikakumbukira, chakudya sichitsika.

Nyamulani chitsulo chakale popita kukagula. Ngati ndi cholemera, chijambuleni pa foni mbali zonse. Kapepala kokha kadzakupwetekani.

Usiku umenewo ndi pamene mphwanga ndi ine tinakhala pansi, a mestre ali pa foni, n'kuyamba kulumikiza mayina. Volante do motor ndiyo flywheel. Ntchito yake ndi kusunga liwiro kuti injini izizungulira mosadukiza, komanso nkhope yake ndi pomwe mbale ya kilatchi imakanikizidwa. Mkombero wa mano wozungulira m'mphepete mwake, womwe stata imaluma, ndi cremalheira, ku Malawi amati ring gear. Apa ndi pomwe mtima unandiwawa kawiri, chifukwa mkomberowu umagulitsidwa pawokha. Sipankafunika flywheel yonse ayi! Wakale amaudula ndi tchizulo, watsopano amautenthetsa kuti ufutukuke, amauveka, ukazizira wagwira wokha popanda bawuti. Mbali yosongoka ya mano iyang'ane komwe stata imalowera. Nkhope yopsa ija amakaisalaza pa makina otchedwa torno, bola ming'alu isakhale yakuya.

Mbale ya kilatchi ndi disco de embraiagem, kapena clutch plate. Musangoti disco, chifukwa mbale za pulawo nazonso ndi disco. Chitsulo cha masipuling'i chomwe chimaikanikiza ndi prato de pressão, ena amangoti prensa, pa Chingerezi pressure plate. Beringi yomwe imakankha zala za prensa mukaponda pedulo ndi rolamento de encosto, release bearing, ena amati thrust bearing. Ikatha imalira mluzu mukangoponda. Ndiye pali kaberingi kena kakang'ono kobisala pakatikati pa flywheel, rolamento piloto, pilot bearing, kogwira nsonga ya shafiti ya giyabokosi. Ndikanangoti rolamento monga ndinalembera, akanandipatsa imodzi, inayo n'kutsala.

Ndaiwala kunena, ndisanapite ku Tete ulendo woyamba a mestre anandiuza kuti mbale zilimo ziwiri, ine ndinayesa akunena kuti ndigule ina yosungira. Ayi. Thirakitala yathuyi ili ndi kilatchi ya magawo awiri. Ukaponda theka, matayala amaima koma shafiti yakumbuyo imapitiriza kuzungulira. Ukaponda mpaka pansi, nayonso imaima. Shafiti imeneyi ndiyo PTO, pa Chipwitikizi tomada de força, yomwe timalumikizako chigayo ndi makina otonolera chimanga, imazungulira ka 540 pa mphindi. Choncho pali mbale yaikulu ya mainchesi 12 yoyendetsa matayala, ndi ina ya mainchesi 10 ya PTO. Pakati pa mbale iliyonse pali timano tolowa mu shafiti, estrias, kapena splines. Muwerenge. Yathu yaikulu ili ndi 10, ya PTO ili ndi 25, koma pali ma Massey ena omwe mbale yaikulu ili ndi 21, ndipo ukaiona ndi maso ili chimodzimodzi. Ine ndinawerenga katatu pakauntala paja, chala chili pa dzino lililonse, mnyamata uja akundiyang'ana monyansidwa. Sindinasamale.

Ndi oyilo uja wa pa chala cha a mestre. Amachokera pa labala yotseka kumbuyo kwa kilankishafuti, retentor da cambota, rear oil seal. Ikadontha imanyowetsa mbale, mbale n'kumaterereka ngakhale ili yatsopano. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi zinazo, koma mukaisiya mudzadulanso thirakitala mvula ili pakati. Gulirani limodzi, pamodzi ndi maberingi onse awiri.

Cremalheira sitinaipeze ku Tete. Mphwanga anatulukira pa chipata cha Calómuè kulowa Dedza, nakaipeza ku Lilongwe, atanyamula chidutswa cha yakale, chiwerengero cha mano chili pa pepala, nambala ya injini ataijambula pa foni. Anapita m'mawa, mawa lake anali atabwera nayo yolondola. Nyamulani chakale, abale anga, ndabwerezanso.

Pomanga, a mestre analowetsa shafiti yakale pakati kuti mbale ziwirizo zilunjike asanamange mabawuti, apo ayi injini ndi giyabokosi sizikumana. Anasiya kampata pang'ono pa pedulo kuti beringi isamakhudze zala nthawi zonse, nandidzudzula kuti ndileke kutsamiritsa phazi pa kilatchi polima, akuti ndi zomwe zinapsereza nkhope ya flywheel. Ndavomera, chizolowezi chimenecho ndinali nacho.

Mvula yoyamba yatipeza titalima munda umodzi wokha wa chimanga, wa mbatata ya kachewere sitinaukhudze. Anthu atatu omwe anatilipiriratu kuti tiwalimire tawauza kuti tiyamba nawo Lachinayi. Mayina onse aja ndawalemba ndi choko pa chitseko cha chigafa, m'zilankhulo zonse zitatu.