Mmene Vincent de Paul anayendera: Paris ndi Châtillon

Amene akufuna kuona kumene ntchito ya Vincent de Paul Woyera, wansembe wa ku France wodziwika ndi kutumikira osauka, inayambira ayenera kusamala ndi mayina atatu a mu Paris, chifukwa asocheretsa anthu ambiri. Tchalitchi chachikulu chotchedwa Saint-Vincent-de-Paul, pafupi ndi Gare du Nord, si kumene kuli thupi lake. Siteshoni ya sitima ya Saint-Lazare si nyumba ya Saint-Lazare imene iye ankakhala. Ndipo siteshoni ya sitima yapansi yotchedwa Rue du Bac ili patali ndi tchalitchi cha pa Rue du Bac. Potsikira pabwino ndi pa Sèvres-Babylone, pa njanji 10 kapena 12. Mukatsikira pamenepo, malo ofunika onse a mbali imeneyi mufikako wapansi.

Ife tinayambira pa nambala 95 Rue de Sèvres, kunyumba ya ansembe a chipani chimene Vincent anayambitsa mu 1625, amene ambiri amawatchula kuti Lazarists. Kunja tchalitchichi sichionekera kwenikweni, mutha kuchipitirira. Mukalowa, kwezani maso pamwamba pa guwa: pali bokosi lalikulu la siliva lokhala ndi galasi, ndipo mbali zonse ziwiri za guwa kuli masitepe ang'onoang'ono okwerera mpaka pafupi nalo. Mkatimo wagona munthu wovala zaunsembe. Nkhope ndi manja zimene mukuziona n'zaphula, zophimba mafupa ake, ndiye musabwerere kumudzi n'kumakauza anthu kuti thupi lake silinaole. Mafupawa anabweretsedwa pano mu Epulo 1830, patadutsa zaka pafupifupi 170 chimwalirire iye pa 27 Sepitembala 1660. Polowa salipiritsa. Nthawi ya Misa musakwere masitepewo, dikirani ithe.

Kuchoka apa, ulendo wosakwana mphindi khumi ukufikitsani pa 140 Rue du Bac, kulikulu la asisitere a Daughters of Charity. Chipata chake chili pambali pa sitolo yodula ya Le Bon Marché, ndipo pakhomopo nthawi zambiri pamakhala anthu opempha, pamsewu womwewo umene anthu akudutsa ndi zikwama za zakudya zamtengo wapatali. Apa ndiye pamadzaza anthu ochokera m'mayiko onse, Aafirika ambiri ndithu, chifukwa cha mendulo ya Amayi Maria imene inayamba ndi masomphenya a Sisitere Catherine Labouré mu Julayi ndi Novembala 1830. Thupi la Catherine lili kumanja kwa guwa, zotsala za Louise de Marillac zili kumanzere, ndipo mtima wa Vincent umasungidwa m'chotengera chake pamwamba pa guwa lina lakumbali. Masiku ambiri tchalitchi chimatsekedwa nthawi ya chakudya chamasana, choncho fikani m'mawa, apo ayi muyang'aniretu nthawi yotsegulira musananyamuke. Mamendulo amagulitsa motsika mtengo pamalo pomwepo.

Anthu ambiri amapemphera pamaso pa Catherine n'kutuluka osayang'ana kumanzere. Koma mayi wa kumanzereyo ndi amene anaumba chipani chonsechi. Louise anali wamasiye, ndipo pa 29 Novembala 1633 anasonkhanitsa m'nyumba mwake atsikana ochepa a kumudzi kuti awaphunzitse kusamalira odwala. Panali vuto lalikulu la malamulo. Nthawi imeneyo mkazi aliyense wochita malumbiro ausisitere ankayenera kukhala wotsekeredwa mumpanda, ndipo wotsekeredwa sangafike kwa wodwala amene wagona m'kachipinda kake. Vincent ndi Louise anazemba msamphawu: atsikanawo sanatchedwe asisitere a mumpanda, ankavala ngati akazi a kumudzi, ndipo malumbiro awo anali a chaka chimodzi chimodzi. Vincent ankawauza kuti nyumba yawo yopempherera ndi nyumba za odwala, ndipo mpanda wawo ndi misewu ya mumzinda. Mpaka lero amabwereza malumbiro chaka chilichonse pa chikondwerero cha 25 Malichi. Amene Vincent ankamutchula kuti woyamba mwa iwo, Marguerite Naseau, anali wabusa wa ng'ombe wa ku Suresnes amene anadziphunzitsa yekha kuwerenga, ndipo anafa ndi mliri mu 1633 atagoneka wodwala pabedi pake. Ngakhale Catherine mwiniwake, masomphenya atatha, anakhala zaka zoposa 40 akusamalira nkhalamba kunyumba ya okalamba ku Reuilly, anthu osadziwa kuti ndiye uja anaona Amayi Maria.

Kwa a bungwe la Vincent de Paul, limene tili nalo m'maparishi ambiri ku Malawi ndi ku Zambia, malo anu enieni ali pang'ono chakum'mawa. Bungweli sanaliyambitse Vincent. Linayamba pa 23 Epulo 1833, pamene Frédéric Ozanam, wophunzira wa zaka 20, ndi anzake ochepa anakumana mu ofesi ya nyuzipepala ya Emmanuel Bailly pafupi ndi tchalitchi cha Saint-Sulpice. Ozanam anamwalira mu 1853 ali ndi zaka 40, ndipo manda ake ali m'chipinda chapansi pa tchalitchi cha Saint-Joseph-des-Carmes, 70 Rue de Vaugirard. Chipinda chimenechi sichikhala chotsegula ngati tchalitchi cha pamwamba. Amalowetsa anthu pa nthawi yoikika, ndi wowatsogolera, ndiye gulu lofika osapanganiratu limabwerera pakhomo. Ozanam ndi anzake aja anali ndi mtima wothandiza koma sankadziwa khomo la wosauka ngakhale mmodzi. Anawaphunzitsa ntchito ndi Sisitere Rosalie Rendu, amene anakhala zaka zoposa 50 m'dera losauka la Mouffetard. Ankawapatsa mayina a mabanja, timapepala tokatengera buledi ndi nkhuni, ndi malangizo a kalankhulidwe akalowa m'nyumba ya munthu. Manda ake ali ku Montparnasse, ndipo mawu olembedwa pamwalapo akunena kuti anauika ndi abwenzi ake, osauka ndi olemera.

Nyumba yakale ya Saint-Lazare, imene Vincent anailandira mu 1632 n'kumwaliriramo, inali pa Rue du Faubourg-Saint-Denis pafupi ndi Gare de l'Est. Inaphwanyidwa ndi kufunkhidwa pa 13 Julayi 1789, kenako inasanduka ndende. Lero pali bwalo lopumulirapo ndi laibulale. Ngati nthawi ili yochepa, apa mutha kudumphapo.

Pamene sipoyenera kudumphapo ndi Châtillon-sur-Chalaronne, katauni ka kumpoto kwa Lyon, pafupifupi makilomita 50. Sitima yothamanga imachoka pa Gare de Lyon mu Paris n'kufika ku Lyon m'maola awiri. Koma ku Châtillon kulibe siteshoni, ndipo mabasi a kumeneko ndi owerengeka, makamaka Lamulungu. Gulu la anthu angapo lingachite bwino kubwereka galimoto ku Lyon, ndipo mukatero mutha kudzeranso ku Ars, kwa Jean-Marie Vianney Woyera, komwe sikuli patali. Loweruka m'mawa kumakhala msika pansi pa denga lakale lamatabwa, pafupi ndi tchalitchi chanjerwa cha Saint-André.

M'tchalitchi chimenechi, Lamulungu lina mu Ogasiti 1617, Vincent akuvala zovala za Misa, anauzidwa kuti kunja kwa tauni kuli banja limene onse akudwala, palibe wophikira mnzake. Iye anazinena mu ulaliki. Madzulo atanyamuka kukawaona, anapeza msewu wadzaza anthu, ena akupita ena akubwerera, onse ndi zakudya. Wansembe wina akanangothokoza. Vincent anawerengera: chakudya chonsechi chafika tsiku limodzi, m'nyengo yotentha, china chiwonongeka, ndipo pakatha masiku ochepa banjali libwerera m'njala yake. Zimenezi ife tikuzidziwa bwino: munthu akadwala, sabata yoyamba pakhomo sipasowa anthu ndi timabeseni ta ufa, koma ukadutsa mwezi wachitatu wodwazika matenda ali yekhayekha. Patangopita masiku ochepa, Vincent anasonkhanitsa amayi a m'parishi n'kugwirizana kuti aliyense azitenga tsiku lake. Gululi linakhazikitsidwa mwalamulo pa 8 Disembala chaka chomwecho, ndipo chikalata cha malamulo ake chikusungidwabe kwa asisitere m'tauniyi, panyumba imene Vincent ankakhala. Gogodani n'kupempha kuti akuonetseni.

Malamulowa ndi amene anatigwira mtima kuposa siliva wa ku Paris, chifukwa akulowa mpaka m'mbale. Amayi a m'gulu asapitirire 20, kuopa chisokonezo. Pakhale mtsogoleri, msungichuma, ndi bambo mmodzi wothandiza pa za katundu ndi kawerengedwe ka ndalama. Wodwala akangolandiridwa, apatsidwe chovala choyera ndi zofunda ngati alibe. Mayi wa tsikulo aphike, anyamule chakudya kupita nacho kwa wodwala, amulonjere mosangalala, aike kathebulo pabedi, ayale kansalu, aike kapu, supuni ndi buledi, amusambitse m'manja, apemphere, ndiyeno amugawire. Ngati pakufunika, amudulire nyama. Muyeso ulinso momwemo: buledi wokwanira, nyama ya nkhosa kapena ya mwana wa ng'ombe yokwana chigawo chimodzi mwa zinayi cha paundi, pafupifupi magalamu 120, masana yowiritsa, madzulo yootcha. Masiku osala nyama, mazira awiri, msuzi ndi batala pang'ono. Ndiyeno pali lamulo ili: ayambire kwa odwala amene ali ndi wowasamalira, amalizire kwa amene ali okha, kuti akathe kukhala nawo nthawi yaitali. Munthu sangalembe zotere asanalowe m'nyumba zambiri za odwala.

Njira imeneyi nayo inali ndi pofooka pake. Magulu oterewa atafika ku Paris, amayi olemera analowa ambiri, koma kunyamula mphika wa msuzi kukwera nawo masitepe a nyumba zonunkha sinali ntchito imene ankaifuna, mwinanso amuna awo ankawaletsa. Anayamba kutuma antchito awo, ndipo wotumidwa mokakamizidwa ankangosiya chakudya n'kuthawa. Apa m'pamene panafunika atsikana a Louise aja. Ndiye mukamayenda ulendowu, dziwani kuti mbiri inayenda mosiyana ndi mmene tayendera ife: Châtillon ndiye poyambira, Rue du Bac n'chigamba chimene chinasokedwa pamene njira ya ku Châtillon inang'ambikira mumzinda waukulu, ndipo Ozanam anadzatola njira yomweyo patapita zaka zoposa 200, nthawi ino ndi anthu wamba aamuna.

Otsala ndi malo awiri akutali. Folleville, pafupi ndi Amiens, n'kumene Vincent analalikira pa 25 Januwale 1617 ulaliki umene ansembe ake amautenga ngati chiyambi cha ntchito yawo, ndipo gome lolalikirapo likadali m'tchalitchimo, koma kamudziko n'kakang'ono, ndi bwino kufunsiratu ngati mupeza chitseko chotsegula. Kwawo kwenikweni, kumene anabadwira mu 1581 n'kumaweta ziweto za bambo ake, ndi pafupi ndi Dax kummwera chakumadzulo, m'mudzi umene kale unkatchedwa Pouy ndipo tsopano uli ndi dzina lake. Kumeneko kumafuna tsiku lakelake, sitima yochokera pa Gare Montparnasse. Paris patsani tsiku limodzi lathunthu, Châtillon lina, ndipo pokonza chitupa cholowera m'mayiko a ku Ulaya otchedwa Schengen, kuphatikizapo France, muikemo ndi tsiku lopuma, chifukwa malo ambiri mwa amenewa ndi nyumba za anthu opemphera, zimene zimatseguka ndi kutsekedwa potsata belu lawo.