Fyuzi ya m'galimoto ya alamu

Tulo takana kubwera usiku uno, ndipo chimene chikundivuta ndi tizingwe ta kopa timene ndatisiya m'boneti ya Sienta ya alamu anga, galimoto imene amanyamulira apaulendo.

Anafika kuno ku Kamwendo dzuwa litapendeka, nkhope ili gwaa, atagamula kale kuti ampulifaya, chipangizo chokweza mawu a wailesi, imene anagula ku Chipata mwezi watha ndi yachinyengo. Ankati ikaimba mphindi zitatu imakhala chete, kenako kagetsi kofiira kamayaka pamene palembedwa PROTECT. Ndinawapempha kuti tiyambe tayeza ndi mita tisanaweruze wogulitsa. Batire inali ndi mavoti 12.5 injini itazima ndi 14.1 ikulira, kutanthauza kuti alitaneta, imene imatchaja batire, ilibe mlandu. Kawaya kabuluu ka remote, kamene kamadzutsa ampulifaya wailesi ikayatsidwa, nakonso kanali bwino. Waya wa earth wokha, amene amalumikiza ampulifaya ku chitsulo cha galimoto, ndiye anali atamangidwa pamwamba pa penti, choncho ndinapala malowo ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, koma kagetsi kofiira kanabweranso.

Vuto lenileni linali m'bokosi la subwoofer, sipika yaikulu yogunda. Sipika imeneyi ili ndi makoyilo awiri a 4 ohm (muyeso wa mmene chinthu chimakanizira magetsi kudutsa), ndipo mnyamata amene anawalumikizira ku boma anamanga pulasi ndi pulasi, mainasi ndi mainasi, zimene zimatsitsa chiwerengerocho kufika pa 2 ohm. Pamwamba pa zimenezo anachita bridge matchanelo awiri a ampulifaya, kutanthauza kuwaphatikiza kuti agwire ntchito ngati chimodzi, pamene m'mbali mwake mwalembedwa kuti ikalumikizidwa chotero isapatsidwe zochepera 4 ohm. Tchanelo chilichonse chinkasenza ngati 1 ohm yokha, nchifukwa chake inkatentha mpaka kudzizimitsa kuti isapse. Ndinapatsa koyilo iliyonse tchanelo chakechake, ndikubweza gain, nobu yosinthira mphamvu ya mawu olowa mu ampulifaya, imene inapotokoledwa mpaka kumapeto ngati kuti ndi voliyumu. Tinaimba nyimbo theka la ola osazima. Alamu anangoti kugunda kwachepa, ndipo mawu akuti zikomo sindinawamve, koma zimenezo ndazizolowera.

Ndikanalekera pomwepo bwenzi ndikugona. Pokatseka boneti ndinatsegula kachubu ka fyuzi kamene kali pafupi ndi batire, ndipo m'malo mwa fyuzi ndinapezamo tizingwe ta kopa topiringiza. Alamu anavomera mosachita manyazi kuti anaikamo okha fyuzi itapsa kawiri.

"Alamu," ndinatero, "fyuzi iyi ntchito yake sikuteteza ampulifaya ayi, koma waya wamkuluyu, amene wadutsa pabowo la chitsulo popanda labala nkuyenda pansi pa kapeti mpaka ku buti. Akadzangosupuka ndi kukhudza chitsulo, batire idzatulutsa mphamvu yake yonse nthawi imodzi, ndipo mafyuzi a pa ampulifaya sadzathandiza kanthu chifukwa ali kumapeto kwa waya."

Iwo anaseka, nati, "Alamu, mwezi wathunthu ndayenda nayo mumsewu wa Mkanda, kodi mwaona utsi? Inu anthu a mita mumaopa ndi chithunzithunzi chomwe."

Apa mpamene ndinazindikira kuipa kwa chilamu, pakuti munthu amene mumaseka naye tsiku ndi tsiku amatenga ngakhale chenjezo ngati nthabwala. Akanakhala kasitomala wamba ndikanamasula waya pa batire ndi kumuuza kuti galimoto siichoka chomwecho. Koma awa ndi amuna a mlongo wanga, ndiponso ndi aakulu kwa ine. Fyuzi ya 60 amps ndinalibe, ndipo amene amagulitsa zoterezi anali atatseka kale. Ndinawapempha kuti tichotse wayayo kwa tsiku limodzi lokha, koma anakana, amvekere apaulendo amathamangira galimoto imene ikuimba, ndipo m'nyengo ino anthu akugulitsa soya ndi mtedza sangalole kuyenda duu ngati wanyamula maliro. Chimene ndinakwanitsa ndi kukulunga tepi ndi chidutswa cha chubu cha njinga pabowo paja, iwo akundiunikira ndi foni uku akuyang'ana nthawi.

Chikundipweteka kwambiri nchakuti tsopano dzanja lomaliza kugwira mawaya amenewo ndi langa. Ndinakonza nyimbo kuti zisamazime, pamene poyamba kuzima kuja kukanawakakamiza kubweranso kuno. Mawa ana a mlongo wanga akwera momwemo popita kusukulu, pampando umene wayayo wadutsa pansi pake.

Ndatenga foni kawiri kuti ndimuimbire mlongo wangayo, koma ndikudziwa kuti nkhani ikafika kwa alamu kudzera mwa akazi awo, idzasanduka ina. Sitolo ya mafyuzi ija amatsegula 7 koloko, pamene iwo amanyamuka tambala wachiwiri akulira. Mwina ndikawadikirire pa siteji akamabwerera ulendo woyamba, fyuzi ili m'thumba, ngati angavomere kuima anthu ali m'galimoto.