Mmene ndimasambira madzi otentha m'kalavani

Boila yotenthetsera madzi m'kalavani yathu, kanyumba kokokedwa ndi galimoto, ndi ya mtundu wa Truma Combi ndipo imasunga malita 10 okha. Anzathu ena kuno ku Britain akamva zimenezi amati madziwo ndi ongosukusulira. Ayi ndithu, munthu amasamba n'kuyera, bola atsate ndondomeko yake.

Tikafika pamalo ogona, kaya ku Lake District kapena ku Wales, ndimayamba ndasuzumira valavu yotayira madzi yomwe ili pafupi ndi boila. Valavuyi imatseguka yokha kukazizira kufika pa madigiri pafupifupi 3, kuti madzi asaundane n'kung'amba boila. Ikakhala yotsegula, madzi onse amene mwavutikira kutunga amangothera pansi pa kalavani. Komanso siilola kutsekeka mpaka pamalopo patafunda kufika pa madigiri pafupifupi 7, ndiye kukakhala chisanu ndimayamba ndayatsa hita.

Kenako ndimagubuduza mgolo wa malita 40 kuchokera kumpopi, n'kuviikamo pampu. M'kati ndimatsegula mpopi wa madzi otentha wa pasinki. Umayamba n'kutsokomola, kulavula mpweya ndi timadzi pang'onopang'ono. Musautseke msanga. Madzi akayamba kutuluka mosadukiza, ndiye kuti boila yadzaza, mutha kuiyatsa.

Apa ndiye pagona nkhani: ndimaika pa madigiri 60, osati 40. Madzi a 40 mumasamba momwemo, malita 10 aja n'kutha sopo akadali m'mutu. A 60 mumawasakaniza ndi ozizira, ndipo madzi ofunda amene mumapeza amakhala pafupifupi kuwirikiza kawiri. Pa gasi amatentha pakatha mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono. Pa magetsi okha amachedwa kwambiri, ndipo ngati malowo amapereka mphamvu yochepa, musayatsenso ketulo nthawi yomweyo, magetsi angathime.

M'bafa ndimatsegula kuyambira kozizira, n'kumapotoza pang'onopang'ono kupita kotentha, dzanja lili pamadzi. Madzi a 60 amawotcha khungu msanga, makamaka la mwana, choncho wa ine salowa ndisanamuyesere. Ndimadzinyowetsa thupi lonse, n'kutseka pa kabatani ka pashawa osakhudza mpopi, kuti kasakanizidwe kasasinthe. Ndikatha kupaka sopo ndimatsegulanso, koma shawa nditailozetsa pansi, chifukwa madzi oyamba kutuluka amatha kubwera ozizira kapena otentha mwadzidzidzi. Amene tinakula tikusamba m'ndowa sitivutika nazo zimenezi, tinazolowera kuyeza madzi ndi maso.

Wosamba wachiwiri adikire kaye boila itenthetsenso, chifukwa pamene woyamba amasamba, madzi ozizira amakhala akulowa m'malo mwa otentha aja. Mbale timatsuka onse akatha kusamba. Ndipo ndisanagone ndimakaona mgolo wa madzi akuda, chifukwa nawonso umadzaza msanga anthu awiri akasamba.