Madzi atuluka pamjigo pathu, zikomo abale

Abale anga madzi atulukaaa!! Lero m'mamawa mjigo wathu uja wayambanso kugwira ntchito, ine ndinangoima chilili misozi ili chuchuchu, ngakhale pano ndikulemba manja akunjenjemera ndi kutopa. Ambuye alemekezeke.

Nonse mukudziwa mmene takhalira kuno ku Phalombe chidutsireni namondwe wa Freddy mu March 2023. Amayi kulawirira kudambo kusanache kukafukula mchenga, madzi ake ofiira ngati thobwa, ana kumangotsegula m'mimba, kolera ija inayambira ku Machinga mu 2022 ili pakhomo. Sindibwereza zambiri, zimandiwawa.

Koma bambo mekaniki wa mijigo inu, ndikuthokozeni bwanji ine? Munabwera pa njinga yakapalasa, dzuwa lili phwee, zida mutamanga pakaliyala. Marodi, zitsulo zazitali zija za m'kati mwa mjigo, anali ataduka n'kugwera pansi, ena onse ankati mjigo wafa basi tiiwale, inu munakhala pamenepo masiku atatu kuwedza marodiwo mpaka anatuluka, kenako kuzula mapaipi onse limodzi ndi anyamata, kusintha osweka aja ndi maraba omwe. Titakuuzani mwamanyazi kuti ndalama za komiti zaperewera simunakwiye, munangoti madzi ayambe atuluka zinazo tidzakambirana. Nsima yake ya chigwada munadya osadandaula. Bambo, Mulungu akupatseni moyo wautali.

Zikomo amfumu potisonkhanitsa, zikomo alangizi a zaumoyo pothira klorini mumjigo komanso m'zigubu mwathu nthawi yonse ija tinkamwa za kudambo. Achinyamata mwaumba njerwa za mpanda, mwakumba dzenje la madzi otayikira, mbuzi sizidzafikanso pamenepo. Achimwene ndi achemwali a ku Joni munatumiza kangachepe pa Mukuru inunso muli pa mavuto anu, mapaipi amenewa ndi anu. Agogo ena anabweretsa nkhuku yawo imodzi yomweyo kuti tigulitse, mtima wanga unasweka.

Aja munabwera ndi magalimoto nthawi ya kampeni kudzalonjeza mipopi khomo lililonse, foni zathu munasiya kuyankha, sitikusungirani mangawa ayi. Mukadzadutsa mudzapatuke tidzakutungireni, ndi ozizira bwino.

Ndibwererenso kwa bambo mekaniki chifukwa chandikhudza kwambiri n'chakuti sanabise nzeru zawo. Anaitana amayi a mukomiti n'kuwaonetsa kuti pampu ya Afridev siivuta, sipanala imodzi yomweyo umatsegula nayo n'kusintha raba wekha isanafike powononga zina. Mayi anga amene manja awo anazolowera khasu lero amasula bawuti okha, akuseka ngati kamtsikana.

Loweruka masana tikumane pamjigo pomwepo tikambirane za chopereka cha pamwezi, tizigula zipangizo zikadali zotheka. Ndipo ngongole ya bambo aja tiyambire yomweyo, chonde bwerani ndi kangachepe.