Nsalu ya pa guwa ija

Tulo takana kubwera, ndiye ndangoti ndilembe kaye mwina mtima ukhala pansi.

Lero ndinakasiya kutchalitchi nsalu ija ndakhala ndikupeta miyezi inayi, ya pa guwa. Ngala za tirigu mbali ino, mphesa mbali inayo, pakati kamwana ka nkhosa, m'mphepete monse ulusi wagolide umene unandiboola zala mpaka chala chamkombaphala chinachita chikanga. Ndinaiyala ndekha, kuwongola makwinya ndi chikhatho, kenako kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti ndiione bwino, ndipo sindinama, mtima unadzadza.

Ndiye atulukira bambo ena achikulire, mkulu wa mpingo, munthu amene ndimamulemekeza kwambiri. Anaima nthawi yaitali manja kumbuyo. "Yakongola mwanangu, manja awa ndi odala. Koma anthu akabwera Lamulungu, adzaona Ambuye kapena adzaona nsalu?"

Aaa zinandilasa. Ndinati bambo, nanga Bezaleli? Pa Eksodo 31 Mulungu akumutchula dzina munthu waluso, akumudzadza ndi Mzimu wake kuti asule golide, siliva ndi mkuwa, aseme miyala ndi mitengo, akumupatsanso Oholiabu womuthandiza. Mulungu yemweyo amene pa chaputala 20 akuti usadzipangire fano, pa chaputala 25 akulamula akerubi awiri agolide pamwamba pa likasa. Ndinalankhula mothamanga, mawu akunjenjemera, ngati ndili pa mlandu.

Iwo sanakweze mawu ayi. Anangoti, "Njoka ya mkuwa nayo analamula ndi Mulungu, mwanangu." Basi, n'kumapita.

Ndafika kunyumba ndatsegula Baibulo, ndipo ilipodi. Mose anaipanga m'chipululu kuti wolumidwa akaiyang'ana akhale ndi moyo, koma pa 2 Mafumu 18:4 Hezekiya akuiphwanya chifukwa anthu anali atayamba kuifukizira zonunkhira. Chinthu chabwinobwino, chochokera kwa Mulungu, chasanduka msampha. Apa ndiye pamene pandisowetsa mtendere, chifukwa bambo aja sananame.

Komanso mkanganowu si wa ine ndi iwo tokha eti. Akhristu anakanganapo koopsa za zithunzi zopatulika, ena kuziphwanya ena kuzibisa, mpaka msonkhano wa ku Nicaea wa chaka cha 787 unagamula kuti zithunzi zilemekezedwe koma kupembedza ndi kwa Mulungu yekha. Yohane wa ku Damasiko, mphunzitsi wa Chikhristu amene ankateteza zithunzi, mfundo yake inali yoti popeza Mulungu anavala thupi, anthu namuona ndi maso, kumujambula sikulakwa. Koma mu 1524 ku Zürich m'dziko la Switzerland, nthawi ya Zwingli, mbusa amene ankatsogolera kukonzanso mpingo kumeneko, anachotsa zithunzi zonse m'matchalitchi makoma n'kuwayeretsa kuti Mawu okha amveke. Onsewa ankafuna kulemekeza Mulungu, ndi chimene chikundivuta, palibe amene ndinganene kuti uyu ndiye sankamukonda.

Ine mtima wanga umathawira kwa mayi uja wa pa Marko 14, amene anaswa nsupa ya mafuta a nado n'kutsanulira pamutu pa Yesu, anthu n'kumadandaula kuti akanagulitsidwa madinari oposa 300, pafupifupi malipiro a chaka chonse a munthu waganyu, ndalamazo n'kupatsa osauka. Yesu anati mlekeni, wandichitira chinthu chabwino. Usiku wonse umene ndimapeta ndimaganiza za iyeyo, ulusi uliwonse ndimapemphera, pena kutchula odwala pena kungokhala chete, moti kwa ine singano ija inali pemphero ndithu.

Koma pali chimene sindinawauze bambo aja. Kuseri kwa nsalu, pakona, ndinapetapo zilembo za dzina langa, tating'ono. Ndipo m'mawa ndikuyala paja ndinadzipeza ndikuganiza ngati adzalengeze kutsogolo kuti wapeta ndi ndani. Mayi wa nsupa uja Marko sanamutchule n'komwe dzina, nsupa inasweka, mafuta anatha, sanatsale ndi choti aziloza kuti ichi ndi changa.

Chinanso chimene sichikuchoka m'maso mwanga, ndisanatuluke analowa mayi ena amene amasesa m'tchalitchimo. Sanandione. Anatsamiritsa tsache pa benchi, kuyandikira guwa, kukhudza kamwana ka nkhosa kaja ndi nsonga ya chala pang'onopang'ono, kenako anagwada pomwepo, milomo ikuyenda. Ankaona chiyani, nsalu kapena Ambuye? Ndinafuna kuwafunsa koma ndinaopa kuwasokoneza.

Sizasi ili pa tebulo pompano. Mawa ndikhoza kupita kukasula zilembo zija, ndi ntchito ya mphindi zisanu basi. Koma kodi ndikasula ndiye kuti zachokanso mumtima? Bambo aja ndiwaonanso Lamulungu ndipo sindinapezebe choti ndikawauze