Dunkeld weniweni ndamuona lero

Zaka zonse zija ndili ku Joni ndinkadutsa pa Dunkeld, pafupi ndi Rosebank, osadziwa kuti dzinalo ndi lobwereka. Lero ndafika kwa eni ake, ku Scotland. Abale anga, ndi katauni kakang'ono zedi, ungakazungulire tiyi asanazizire.

Koma mbiri yake ndiye si yamasewera. Cha m'ma 849, mfumu Kenneth MacAlpin inasamutsira kuno ena mwa mafupa a Columba Woyera, mmishonale amene anafalitsa Chikhristu ku Scotland, kuchokera pachilumba cha Iona, kuwathawitsa kwa ma Viking, achifwamba apanyanja. Tchalitchi chachikulu chili m'mbali mwa mtsinje wa Tay, anachimanga pang'onopang'ono mpaka kumaliza mu 1501. Mbali ina ilibe denga, makoma ali yasa, mbali inayo anthu amapempheramobe. Ndi a Church of Scotland, omwe aja anayambitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, ndiye a CCAP musanyade kwambiri, makolo anu ndawapeza.

Mu 1689 nkhondo inatentha pafupifupi nyumba zonse, n'chifukwa chake timanyumba toyera ta mumsewu wopita kutchalitchi ndi tomangidwa nkhondoyo itatha. Ndaima pa mlatho umene katswiri womanga milatho Thomas Telford anamaliza mu 1809 mpaka zala kuuma ndi chisanu. Jekete ndinaisiya m'basi.